Nkhalamba M'bwalo la Nkhonya: N'chifukwa Chiyani Anthu Amalipirabe?

Usiku wa pa 15 Novembala 2024, mumzinda wa Arlington m'dera la Texas ku America, anthu oposa 72,000 adakhamukira ku bwalo la AT&T Stadium, atasiya pakhomo ndalama zopitirira madola 18 miliyoni, kuti akaone Mike Tyson, bambo wa zaka 58 amene adasiya nkhonya zampikisano mu 2005, akulimbana ndi Jake Paul, mnyamata wa zaka 27 amene adatchuka chifukwa cha makanema a nthabwala pa YouTube. Kampani ya Netflix, imene idaulutsa nkhonyayo, idalengeza kuti anthu 108 miliyoni adaionera pa dziko lonse lapansi.

Koma chimene khamulo lidapeza sichidali chimene lidadzera. Pa mphindi 16 zimene awiriwo adakhala pakati pa zingwe, Tyson adaponya zibakera 97, ndipo 18 zokha ndizo zidafika pa thupi la mnzakeyo. Kuyambira raundi yachitatu miyendo idayamba kumulemera, bondo lamanja lili lomangidwa, ndipo pofika kumapeto, anthu omwe aja adamulandira ndi mfuu yaikulu adali kukuwiza, ena atayamba kale ulendo wa kwawo. Majaji onse atatu adapatsa Paul chipambano. Akale adati tsabola wakale sawawa, ndipo palibe wodziwa nkhonya amene adazizwa ndi zotsatirazo. Chozizwitsa n'chakuti anthu ochuluka chotere, amene zaka za munthuyo adali kuzidziwa bwino lomwe, adalolera kutaya ndalama ndi tulo tawo kuti akadzionere okha.

Pamene pagona funso

Kuti nkhaniyi izukutidwe bwino, m'pofunika kuyamba talekanitsa zinthu zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Alipo ankhonya amene zaka zimawachulukira mphamvu zikadalipo, monga Bernard Hopkins wa ku Philadelphia, amene adalanda lamba wa dziko lonse ali ndi zaka 46 nadzalandanso wina ali ndi 48, kapena Manny Pacquiao wa ku Philippines, amene mu Julayi 2025, ali ndi zaka 46, adafanana mphamvu ndi Mario Barrios, mwini lamba wa WBC, pa maraundi 12 athunthu. Pa otere palibe chinsinsi, pakuti wolipira amalandira mpikisano weniweni. Funso lathu likhudza munthu wa mtundu wina, amene aliyense akudziwa kuti dzuwa lake lidapendeka kalekale, amene ngwazi iliyonse ya lero ingamugonjetse yosatuluka thukuta, koma amene dzina lake likalembedwa pa chikwangwani limaitana anthu ochuluka kuposa ngwazizo. Miyezi isanu ndi umodzi Tyson asanaonekere ku Arlington, Oleksandr Usyk ndi Tyson Fury adamenyana ku Riyadh, nkhonya imene idasonkhanitsa malamba onse a ankhonya olemera kwambiri m'manja mwa munthu mmodzi koyamba chichitireni zimenezi Lennox Lewis mu 1999. Odziwa adaitamanda kuti idali yapamwamba, koma oionera sadayandikire n'komwe chiwerengero cha aja adaonera nkhalamba ndi mnyamata wa pa YouTube. Ndipo n'zoseketsa kuti Fury yemweyo, wobadwa mu 1988, adapatsidwa dzina la Tyson ndi bambo ake polemekeza munthu amene tikumukambayu.

Masewera ena sazidziwa zoterezi. Palibe angalipire kuti aone wothamanga wa zaka 58 akupikisana ndi mnyamata, popeza wotchi siikondera ndipo yankho limadziwika liwiro lisanayambe. Nkhonya ndiyo ili ndi khomo limene kukayika kumaloweramo, ndipo amalonda adaliona khomolo kalekale.

Mwambowu ndi wakale

Pa 4 Julayi 1910, ku Reno m'dera la Nevada, Jim Jeffries, amene adapuma nkhonya asadagonjepo, adakokedwa kuchoka pa munda wake ali ndi zaka 35, thupi litanenepa, atakhala pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi osamenyana ndi munthu, kuti akalande lamba kwa Jack Johnson, munthu wakuda woyamba kukhala ngwazi ya ankhonya olemera kwambiri. Azungu ambiri a ku America sadathe kupirira kuona lambayo ali m'chiuno mwa munthu wakuda, chotero chimene adalipirira sichidali luso la Jeffries, limene lidali litapita, koma chiyembekezo chakuti wakale uja adzabweza zinthu m'malo mwake. Johnson adamugwetsa mu raundi ya 15, ndipo m'mizinda yambiri mudabuka zipolowe zimene anthu akuda adaphedwamo. Kuyambira pamenepo okonza nkhonya adaphunzira kuti khamu limagula chokhumba cha mtima wake, ngakhale maso ataona kale kuti n'chosatheka.

Joe Louis, amene adasunga lamba zaka pafupifupi 12, adapuma mu 1949, koma ngongole yaikulu ya msonkho wa boma idamubweza m'bwalo, kufikira pa 26 Okutobala 1951 pamene Rocky Marciano adamugwetsera kunja kwa zingwe ku Madison Square Garden, Louisyo ali ndi zaka 37. Muhammad Ali naye adabwerera mu Okutobala 1980, ali ndi zaka 38, kukakumana ndi Larry Holmes, amene kale adali mnyamata womuthandiza pokonzekera. Adamenyedwa maraundi khumi osabwezera kanthu kooneka, mpaka mphunzitsi wake, Angelo Dundee, adaimitsa nkhonyayo. Chaka chotsatira adagonjanso kwa Trevor Berbick ku Nassau, ndipo mu 1984 madokotala adamupeza ndi matenda a Parkinson.

Mbiri ikadakhala yokhayi, mwina anthu akadaleka kale kukhulupirira nkhalamba. Koma pali George Foreman. Iyeyu, amene Ali adamulanda lamba ku Kinshasa mu 1974, adasiya nkhonya mu 1977 nakhala mlaliki zaka khumi, ndipo pamene adabwerera mu 1987, wadazi ndi wamimba, ambiri adamuyesa chiseko. Pa 5 Novembala 1994, ali ndi zaka 45, adakumana ndi Michael Moorer wa zaka 26, amene adamuposa pa mapepala a majaji onse atatu kufikira raundi yakhumi. M'menemo chibakera chimodzi cha dzanja lamanja chidatera pa chibwano cha mnyamatayo, nagwa osadzukanso m'nthawi yake, ndipo lamba adabwerera kwa nkhalamba patapita zaka 20. Tinganene mosaopa kuti wankhonya wokalamba aliyense amene wakwera bwalo chiyambire usiku umenewo wakhala akudyera chibakera cha Foreman, pakuti ndicho chimapatsa wokayika aliyense chifukwa chonenera kuti galu wamkota sakandira pachabe. Zimene sizikumbukidwa n'zakuti Foreman adafika pa usikuwo atamenyana nkhonya zokwana 29 m'zaka zisanu ndi ziwiri za kubwerera kwake, ndi kuti pakati pa zaka 45 ndi 58 pali phompho lalikulu.

M'mene dzina lidamangidwira

Si wankhonya wokalamba aliyense amene angadzaze bwalo. Ambiri amamenyana m'timaholo ting'onoting'ono, pa ndalama zochepa, popanda wowalemba m'nyuzi. Chotero tiyenera kufunsa chimene Tyson ali nacho chimene anzake alibe.

Iye adabadwa mu 1966 ku Brooklyn, nakulira ku Brownsville, dera la umphawi ndi chiwawa, ndipo asadafike zaka 13 adali atagwidwa ndi apolisi kambirimbiri. Kuchokera ku sukulu yosungirako ana opulupudza adaperekedwa m'manja mwa Cus D'Amato, mphunzitsi wokalamba wa ku Catskill, amene adamulera ngati mwana wake namuphunzitsa kuwerama, kuzemba ndi kulowa pansi pa mikono ya anthu aatali, koma adamwalira mu 1985, chaka chimodzi mwanayo asadavale lamba. Nkhonya zake 19 zoyamba zonse zidatha nthawi isadakwane, 12 mwa izo mu raundi yoyamba. Pa 22 Novembala 1986 adagwetsa Trevor Berbick, yemwe uja adatsiriza Ali, nakhala ngwazi ya ankhonya olemera kwambiri ali ndi zaka 20, chinthu chimene sichidachitikepo ndipo sichidachitikenso mpaka lero. Mu Januwale 1988 adagwetsa Larry Holmes, amene tsopano nayenso adali nkhalamba ya zaka 38, ndipo mu Juni chaka chomwecho adamaliza Michael Spinks, munthu wosagonjapo, m'masekondi 91. Ankalowa m'bwalo wopanda mkanjo, wopanda masokosi, atavala kabudula wakuda, ndipo ambiri mwa adani ake adali atagonja kale m'mitima belu lisadalire. Mbiri imeneyi idafalikira kutali kotero kuti ngakhale kwathu kuno mwana wokonda ndewu amatchedwa Tyson ndi anthu amene sadaonerepo nkhonya yake ndi imodzi yomwe.

Ulemerero umenewu udakhala zaka zitatu ndi miyezi yowerengeka basi. Mu Febuluwale 1990, ku Tokyo, Buster Douglas, amene obetcha sadamuwerengere n'komwe, adamugwetsa mu raundi yakhumi. Mu 1992 khoti la ku Indiana lidamupeza wolakwa pa mlandu wogwirira mkazi, nakhala m'ndende zaka zitatu. Apa m'pamene padayamba kuoneka chinthu chimene chili pa mtima pa nkhani yathu, ndicho chakuti pamene luso lake lidali kutsika, mtengo wake udali kukwera. Nkhonya yake yoyamba atatuluka m'ndende, ndi Peter McNeeley, munthu wosadziwika, idatha m'masekondi 89, koma nyumba zoposa miliyoni imodzi ndi theka zidalipira kuti ziionere pa wailesi ya kanema. Ya mu Juni 1997, imene adalumamo khutu la Evander Holyfield nalandidwa chiphaso ndi kulipitsidwa madola 3 miliyoni, idagulidwa ndi nyumba pafupifupi 2 miliyoni; ndipo ya mu 2002 ku Memphis, imene Lennox Lewis adamuswa nkhope namugwetsa mu raundi yachisanu ndi chitatu, idagulidwa ndi nyumba zochuluka chimodzimodzi. Mu 2003, munthu amene adapata madola oposa 300 miliyoni adalengeza kukhoti kuti sangathe kubweza ngongole zake, ndipo mu Juni 2005 adakhala pa mpando wake osafunanso kudzuka polimbana ndi Kevin McBride, nauza atolankhani kuti mtima wa nkhonya udamuchokera ndipo adangomenyana kuti alipire ngongole.

Zitatero akadaiwalika, monga aiwalika ambiri, koma adabadwanso m'maso mwa anthu ngati munthu wina: adaonekera mu filimu yanthabwala ya The Hangover mu 2009, adasimba yekha mbiri ya moyo wake pa nsanja za zisudzo ku New York mu 2012, ndipo pambuyo pake adayamba kucheza ndi alendo m'mapulogalamu a pa intaneti, ndevu zitachita imvi, akulankhula mofatsa za mantha ake, zolakwa zake ndi nkhunda zimene amaweta. Motero mibadwo itatu idamudziwa, uliwonse mwa njira yake: akulu amakumbukira chilombo cha mu 1988, apakati amakumbukira khutu ndi ndende, ndipo achinyamata amadziwa gogo wanthabwala wa pa foni. Dzina lotere silimangidwa ndi kupambana kokha. Kugwa, manyazi ndi kulapa zidalikuza koposa, pakuti anthu amene atsatira nthano ya munthu zaka 40 safuna kuphonya mutu wake wotsiriza. Amene adawerenga za Samsoni, m'mene adamutulutsira m'ndende ali wakhungu kuti asangalatse khamu, adzazindikira kuti chilakolako chofuna kuona wamphamvu atafooka n'chakale kwambiri; koma khamu la ku Arlington lidali ndi mitima iwiri, popeza ambiri mwa iwo adadza akuyembekezanso kuti mwina nsanamira zigwedezeka kamodzi kotsiriza.

Chimene thupi limataya ndi chimene limasunga

Aphunzitsi a nkhonya amanena kuti mphamvu ya chibakera ndiyo imatsiriza kuchoka mwa munthu, ndipo m'mawuwa muli choonadi. Ukalamba umayamba kulanda liwiro la miyendo, mpweya, ndi changu chimene diso limauzira thupi kuti lizembe. Umalandanso kuthekera kochira msanga pakati pa raundi ndi raundi, ndi kupirira chibakera cholandira. Koma munthu wolemera makilogalamu 100, amene adaphunzira kuyambira ubwana kupotoza chiuno ndi kuponya thupi lonse kumbuyo kwa dzanja, amathabe kumenya koopsa ngati chomenyedwacho chaima malo amodzi. Vuto lake n'lakuti mdani saima, ndipo nkhalamba imaona mpata bwino lomwe koma dzanja limafika mpatawo utatsekeka kale.

Kusiyana kumeneku ndiko kumapangitsa wankhonya wokalamba kukhala katundu wosavuta kutsatsa. Mu 2020 Tyson adaika pa intaneti timakanema ta masekondi owerengeka, akumenya zikopa za m'manja mwa mphunzitsi wake ndi liwiro lochititsa nthumanzi, ndipo tidaonedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri. M'masekondi khumi munthu wa zaka 54 angaoneke ngati wa zaka 25, popeza kanemayo amadulidwa mpweya usanathe ndipo mphunzitsi sabwezera. Timakanema timeneti tidabala nkhonya yachionetsero ya mu Novembala 2020 ndi Roy Jones Jr., wa zaka 51, imene idachitikira ku Los Angeles m'bwalo lopanda anthu chifukwa cha mliri wa Covid-19, koma idagulidwa ndi nyumba zoposa 1.6 miliyoni pa mtengo wa madola pafupifupi 50 iliyonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nyererezo zimaoneka pa mphindi yachisanu, pamene kanema wotsatsa sadafikepo.

Njira imene ndalama zimayendamo

Wogula nsalu amaigwira asanalipire, koma wogula nkhonya amalipira belu lisanalire, ndipo akakhumudwa sabwezeredwa kanthu. Apa m'pamene pagona phindu lonse. Wokonza nkhonya sagulitsa maraundi asanu ndi atatu. Amagulitsa miyezi ya kukangana imene imatsogola, pamene anthu m'mabala, m'maofesi ndi pa mafoni amatsutsana ngati nkhalamba ingathe kapena ayi. Funso loti ndani angapambane pakati pa akatswiri awiri a msinkhu umodzi limafuna munthu wodziwa nkhonya kuti alimve kukoma, koma funso loti kodi bambo wa zaka 58 angagwetse mnyamata wamwano aliyense ali ndi maganizo ake pa ilo, ngakhale mayi amene sadaonerepo masewerawa.

Kusankha mdani nakonso kumachitika mochenjera. Jake Paul adabadwa mu Januwale 1997, miyezi isanu lisanachitike tsoka la khutu la Holyfield. Adayamba nkhonya zolipidwa mu 2020, ndipo ambiri mwa amene adawagonjetsa adali omenyana a masewera ena amene zaka zidawapitirira, monga Anderson Silva wa zaka 47, pamene wankhonya weniweni wa msinkhu wake, Tommy Fury, adamugonjetsa mu 2023. Adali wosadziwa mokwanira kuti anthu akhulupirire kuti nkhalamba ingamugwetse, komanso wamphamvu mokwanira kuti aope kuti angaivulaze. Adadza ndi khamu lakelake la achinyamata, ndiponso ndi khamu lina lalikulu la omuda, amene adalakalaka kumuona ali chagada. Ndipo tikiti ya womuda ndi ya womukonda mtengo wake ndi umodzi. Tisaiwale kuti kampani imene idakonza nkhonyayo, Most Valuable Promotions, mmodzi wa eni ake ndi Paul yemweyo.

Pali chinanso chimene chimachepetsa kudabwitsa kwa chiwerengero cha 108 miliyoni chija. Nkhonya zazikulu za ku America zakhala zikugulitsidwa payokhapayokha, nyumba iliyonse kulipira madola makumi angapo usiku umodzi, ndipo imene idagulidwa koposa zonse, ya Floyd Mayweather ndi Manny Pacquiao mu 2015, idafika nyumba 4.6 miliyoni. Netflix siidalipiritse kanthu kapadera. Aliyense mwa olembetsa ake, amene panthawiyo adali oposa 280 miliyoni, adangofunika kutsegula kanema. Kampaniyo idali kufuna dzina lodziwika m'dziko lililonse kuti ikope olembetsa atsopano ndi otsatsa malonda, ndi kuyesa makina ake pa kuulutsa zinthu zochitika nthawi yomweyo isadayambe kuonetsa mpira wa ku America pa Khirisimasi chaka chomwecho. Makinawo adalemedwadi, ndipo anthu ambiri adadandaula kuti zithunzi zinkaima. Komabe aja 72,000 a pakhomo adalipira ndalama zenizeni, ndipo iwowa sitingawafotokoze ndi kutsika mtengo.

Nkhonya yeniyeniyo nayo ili ndi mlandu wake. Mabungwe anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, amapereka malamba m'magulu a kulemera oposa 16, kotero kuti munthu wamba sangathe kutchula ngwazi ya lero. Akatswiri enieni amamenyana kamodzi kapena kawiri pa chaka, kuseri kwa malipiro okwera, ndipo okonza nkhonya opikisana amazengereza zaka kuwakumanitsa. Pamene mayina atsopano sakukula, akale amatsala okha pa msika.

Otsutsa ndi ovomereza

Otsutsa, amene pakati pawo pali madokotala ndi okonza nkhonya ena monga Eddie Hearn wa ku Britain, amati zoterezi n'kuika moyo wa munthu pa chiswe chifukwa cha ndalama. Amakumbutsa kuti nkhonya ya ku Arlington idayenera kuchitika mu Julayi 2024, koma idasunthidwa Tyson atadwala zilonda za m'mimba ali m'ndege, ndipo iye mwini adaulula pambuyo pake kuti adataya magazi ochuluka, adaikidwa ena kasanu ndi katatu, ndipo adatsala pang'ono kufa. Munthu wotere kumulola kumenyana patangopita miyezi yosakwana isanu ndi umodzi, iwo amati, n'kusowa umunthu. Amatinso masewera amanyozeka pamene chionetsero chilembedwa m'kaundula ngati mpikisano weniweni.

Ovomereza amayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tyson ndi munthu wamkulu, wodziwa kuopsa kwa nkhonya kuposa onse omulangiza, ndipo m'masewera amene ankhonya ambiri alibe penshoni, amene adalemeretsa anthu ena ndi thukuta la unyamata wake, n'chinyengo kumuletsa kukolola dzina lake iye mwini. Kudamveka kuti adalandira madola pafupifupi 20 miliyoni. Iye adanenanso kuti sichidali chuma chokha, koma kufuna kudziyesa ndi kuti ana ake amuone ataima kufikira belu lotsiriza, ndipo amene amadziwa m'mene moyo umazizirira kwa munthu amene adazolowera mfuu ya makamu sangapeputse mawu amenewa. Mfundo ya ufuluyi ndi yolemera, koma ili ndi chilema chimodzi: chiwalo chimene munthu amasankhira nacho ndicho chimene nkhonya imawononga, ndipo wankhonya wolimba mtima ndiye amatsiriza kudziwa kuti nthawi yake yatha.

Ovomereza amawonjeza kuti nkhalamba imakokera anthu kwa ankhonya enieni. Usiku womwewo Katie Taylor wa ku Ireland ndi Amanda Serrano wa ku Puerto Rico adamenyana nkhonya yoopsa ya maraundi khumi imene, malinga ndi Netflix, idaonedwa ndi anthu 74 miliyoni, chiwerengero chimene nkhonya ya amayi siidachionepo. Koma pamene awiriwa adakumananso mu Julayi 2025 ku Madison Square Garden, pa Netflix pomwepo, popanda Tyson, owaonera adali pafupifupi 6 miliyoni. Chiwerengerochi n'chachikulu ndithu pa nkhonya ya amayi, ndipo ovomereza angachitenge ngati umboni wawo. Otsutsa nawo angaloze 68 miliyoni amene sadabwerenso.

Zodziwika ndi zokayikitsa

Kuti kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kumawononga ubongo si nkhani yotsutsana. Dokotala Harrison Martland wa ku New Jersey adafotokoza mu 1928 za ankhonya akale oyenda dzandidzandi, olankhula mokoka lilime ndi oiwalaiwala, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti ngoziyo imakula ndi kuchuluka kwa nkhonya ndi zaka zimene munthu wakhala m'masewerawa. N'zodziwikanso kuti ubongo umachepa pang'onopang'ono munthu akamakalamba, kotero kuti timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikuto chake timakokeka, ndipo chibakera chimene mnyamata angachipirire chingadule kamtsempha mwa nkhalamba, magazi n'kuyamba kukhira m'kati mwa chigaza.

Zokayikitsa zilipo zambiri. Matenda a ubongo otchedwa CTE satsimikizika munthu ali moyo, koma pokhapokha ubongo wake utapimidwa iye atamwalira, ndiye kuti wankhonya angapambane mayeso onse a chipatala kuwonongeka kutayamba kale. Ali adapimidwa ku Mayo Clinic asadakumane ndi Holmes, ndipo akuluakulu a ku Nevada adamupatsa chiphaso. Ngakhale za matenda ake a Parkinson madokotala sadagwirizane kuti nkhonya idali ndi gawo lotani. Pa nkhonya ya ku Arlington, akuluakulu a ku Texas adavomereza kuti maraundi akhale a mphindi ziwiri m'malo mwa zitatu, ndi kuti magolovesi akhale a maaunsi 14 m'malo mwa 10. Kufupikitsa maraundi kumathandizadi mpweya wa nkhalamba, koma magolovesi okhuthala amateteza manja ndi khungu la nkhope koposa m'mene amatetezera ubongo, umene umavulala ndi kugwedezeka kwa mutu. Palibenso chaka chimene madokotala onse adagwirizana kuti apa ndipo pa malire. Za mphekesera zakuti awiriwo adapangana kuti asavulazane, umboni palibe, ndipo okonza nkhonyayo adazikana; chimene chilipo ndi mawu a Paul mwini, amene adavomera kuti chakumapeto adabweza dzanja posafuna kupweteka munthu amene sadayenera kupwetekedwa, ndipo masekondi otsiriza adamuweramira pamaso pa onse.

Ndani angakanize?

Nkhonya ilibe bungwe limodzi lolamulira dziko lonse monga ulili mpira wamiyendo. Ku America dera lililonse lili ndi akuluakulu akeake opereka ziphaso, ndipo dera limene nkhonya yaikulu ichitikira limapindula ndi misonkho, mahotela odzaza ndi alendo. Chotero wokanizidwa kwina amangosamukira kwina. Mu Seputembala 2021 akuluakulu a ku California adakana kuloleza Evander Holyfield, amene adali ndi zaka 58, kumenyana ndi Vitor Belfort. Okonza nkhonyayo adanyamula zonse kupita ku Florida m'masiku owerengeka, ndipo kumeneko Holyfield adadzandira, nagwa, woimbira n'kuimitsa nkhonyayo raundi yoyamba isadathe. Lamulo la dziko lonse la America la mu 2000, lotchedwa ndi dzina la Muhammad Ali, lidalinga makamaka kuteteza ankhonya ku mapangano achinyengo a ndalama, ndipo silidaike malire a zaka.

Tikaunika onse okhudzidwa, wankhonya, mdani wake, mphunzitsi amene amalandira gawo la malipiro, wokonza, woulutsa ndi dera lopereka chiphaso, tipeza kuti aliyense amapindula nkhonya ikachitika ndipo palibe amene amalipidwa ikalephereka. Dokotala wa pambali pa zingwe ndi woimbira ndiwo okha angaimitse, koma mphamvu yawo yaikulu imayamba zibakera zitayamba kale kugwa. N'chifukwa chake amene akufuna kusintha amalimbikira zinthu zogwirika, monga kuti chikanizo cha dera limodzi chilemekezedwe ndi madera onse, kuti opima ankhonya okalamba asasankhidwe ndi okonza nkhonya, ndi kuti pakhale thumba la penshoni lochokera pa malipiro a nkhonya zikuluzikulu, kuti wokalamba asabwerere chifukwa cha njala. Zimenezi zingateteze ankhonya osauka a m'timaholo tija, koma sizingaletse munthu amene dzina lake lokha ndi la madola mamiliyoni, pakuti wotere adzapeza dziko lomulandira. Mu Seputembala 2025, miyezi khumi chikuwizireni anthu ku Arlington, kudalengezedwa kuti Tyson wavomera nkhonya ina yachionetsero mu 2026, chaka chokwanitsa iye zaka 60, ndipo mdani wake adzakhala Floyd Mayweather, amene panthawi ya chilengezocho adali ndi zaka 48.